Nyimbo za ku Atene m'Matope a ku Nachisaka

Mpingo wathu, kumapiri kuseri kwa Ntchisi Boma, unalibe limba. Nyimbo tinkayambira pakhosi pa a Gwaza, mkulu wa mpingo, ndipo tsiku limene adzuka ndi chimfine tonse tinkaimba ngati tili m'dzenje. Ndiye uthenga utafika woti Mgiriki wina wa esiteti ya fodya kufupi ndi Madisi akubwerera kwawo, ndipo akufuna kusiyira mpingo wathu limba lake popeza khukhi wake anali wa kwathu, akulu sanavutike kusankha wokatenga. Ine ndinali mphunzitsi pasukulu ya mishoni, ndipo ndekha ndi amene ndinaphunzirako kuwerenga manotsi a nyimbo ku koleji.

Ndikulongedza, mkazi wanga Esinati anaima pakhomo.

"Pobwera mudzere pa Mponela kwa achimwene, mukawatenge amayi. Diso lapola, akufuna kubwera kunyumba."

"Ine? Ndiyende ndi apongozi?"

"Nanga ndani? Ine ndi mwana wakhandayu ndikwere lole mvula ino?"

Apongozi anga, aNachisale, anali atakachotsedwa ng'ala kuchipatala, ndipo ankachirira kwa mwana wawo wamwamuna pa Mponela. Chikwatire mwana wawo, ine ndinali ndisanawayang'anepo kumaso. Tikakumana m'njira, mmodzi ankapatukira m'chimanga. Akakhala ndi mawu, ankawanena ali kuseri kwa nkhokwe, ine n'kumayankha ndikuyang'ana zala za kumapazi. Ndi mmene tinaleredwera, ndipo sindinkaona vuto.

Ulendo wopita sunandivute. Basi inandisiya pa Mponela, ina inandifikitsa pa Madisi, kotsalako ndinayenda pansi m'kanjira ka mabulugama.

Mgirikiyo anthu ankamutcha a Sitavulo. Anali nkhalamba yaifupi, nsidze zake ngati burashi ya nsapato, ndipo Chichewa ankachilankhula bwino, kungoti ankachithamangitsa. M'nyumba munali mabokosi okhaokha. Limba linali pakona, lamatabwa akuda, lopopa ndi mapazi. Nditaliyesa ndi nyimbo ya m'buku lathu la tchalitchi, nkhalambayo inagwedeza mutu.

"Iwe ukuimba ngati munthu wafa. Tsegula mpando umenewo."

Mpando wa limbalo unali ndi chivindikiro. M'kati munali mapepala a nyimbo, achikasu chifukwa cha kukalamba, m'mbali mwake mothetheka ngati fodya wouma. Nyimbo iliyonse inali kapepala kopinda pawiri: m'kati manotsi ndi mawu a zilembo zachilendo, kunja chikuto cha chithunzi. Zithunzizo n'zimene zinandichititsa kuyang'ana kukhomo ngati kukubwera munthu. Pena mkazi wa chipewa cha nthenga, mwendo uli m'mwamba, ntchafu pamtunda. Pena atsikana atatu atagwirana m'chiuno. Pena bambo wonenepa wa suti yakuda ndi chipewa chakuda, ndodo m'manja, atakwera bulu chafutambuyo.

A Sitavulo anandifotokozera kuti mayi awo ankaimba piyano m'nyumba ya zisudzo ku Atene, likulu la dziko lawo, iwo asanabadwe. Chaka chilichonse nyengo yotentha kunkakhala sewero la nyimbo ndi magule, loseka zonse zimene zachitika mumzinda: mitengo ya zinthu, mafashoni, apolisi, nduna za boma. Nyimbo ikatchuka ankaisindikiza, anthu n'kumagula kukaimbira kunyumba.

"Kuseka nduna?" ndinafunsa motsitsa mawu.

"Nduna, meya, aliyense! Uyu wa pabuluyu anali nduna ya misonkho. Mzinda wonse unamuimba." Anaseka mpaka kutsokomola. "Tenga. Ana anga sazifuna. Ukazisiya, chiswe chidya."

Moyo wanga wonse manotsi amene ndinawaonapo anali a m'buku la nyimbo za Mulungu. Apa panali mulu wa nyimbo zimene munthu wa ku Ntchisi sanazimvepo. Ndinatseka chivindikiro, n'kumanga mpandowo ndi luzi.

Thirakitala ya pa esiteti inanditula pa Mponela. Pamenepo ndi pamene ulendo unayamba kulimba. Mvula inali itakokolola kamlatho pamsewu wachidule wa ku Ntchisi, ndipo basi inali itasiya kuyenda. Limba ndinaliika pakhonde la sitolo ina, nditalifunditsa bulangete langa, ine n'kukhala pambali pake. Odutsa ankavula zipewa. Mayi wina anafika pafupi n'kundipepesa, nandifunsa ngati malemuwo anali mwana kapena wamkulu. Nditamuuza kuti ndi limba la tchalitchi anakwiya ngati ndamunamiza dala.

Mlamu wanga anabwera kudzandiona pakhondepo, ali wosangalala.

"Alamu, amayi akuona tsopano! Dzulo alowetsa okha ulusi pasingano. Andiuzanso kuti ndayamba imvi."

Tinadikira mpaka tsiku linalo. Malole ankabwera, madalaivala n'kuyang'ana limba, n'kuyang'ana kumwamba, n'kukana. Pomaliza anavomera a Mbewe, dalaivala wa lole yonyamula feteleza, amene anati azungulira cha ku Dowa n'kukwera kudzera ku Nachisaka. Mtengo wa limba anatchula woposa wa ine ndi apongozi kuphatikiza, ati chifukwa limba silitsika kukakankha lole ikatitimira.

Ndinawapempha kuti apongozi akhale kutsogolo. Apongoziwo anakana okha, kudzera mwa mlamu wanga, kuti fungo la dizilo limawasanzitsa. Ndiye anawakweza kumbuyo, atavala chitenje chatsopano chimene mwana wawo anawagulira chotulukira m'chipatala, chamaluwa achikasu. Ine ndinakankhira limba pakati pa matumba kuti likhale ngati khoma: iwo uko, ine kuno. Ndinkangoona nsonga ya duku lawo.

Tinalipo anthu angapo, koma amene ndimamukumbuka ndi bambo wina wogulitsa usipa, a Njolomole, amene pakamwa pake sipankatsekeka. Mvula itayamba, onse analowa pansi pa lona mmodzi amene analipo. Malo otsala anali pafupi ndi apongozi. Ine ndinakhala panja.

"Aphunzitsi, lowani! Mufa ndi chibayo!"

"Ndili bwino, ndikugwira limba."

"Limba lili m'kati muno, inu muli panja. Mukuligwira bwanji?" Kenaka anazindikira. "Ooo! Ndi apongozi! Pepani, pepani. Nyowani ndithu, bambo, nyowani mwaulemu."

Lona yense anagwedezeka ndi kuseka. Madzi ankalowa pakolala n'kutulukira m'nsapato.

Tisanafike ku Dowa tayala linaphulika. A Mbewe analibe lina, ndiye anachotsa chubu n'kuyamba kumata, ife titakhala pamiyala. Guluu anali wakale, chigamba chinkangomatuka. Atamata kachitatu anatipopetsa mosinthana ndi pampu ya m'manja. Titanyamuka tinadutsa pafupi ndi ndende ija imene masiku amenewo anthu sankaitchula dzina. Ngakhale a Njolomole anakhala chete, n'kumayang'ana dengu lawo la usipa mpaka mipanda ya waya itabisika kuseri kwa phiri.

Kuchoka pa Dowa msewu unasanduka phala. Pachitunda chilichonse tinkatsika amuna kukadula nthambi zoika pansi pa matayala, n'kukankha, matope akutithira kumaso. Buluku langa la ku sukulu linafiira mpaka m'chiuno. Tayi ndinaivula n'kuiika m'thumba. Pamalo ena tinapeza lole inzathu itagona cham'mbali mu ngalande, eni ake akuwotcha chimanga pansi pa mtengo ngati anthu amene akhazikika.

Dzuwa litapendeka, mvula itakata, tinafika pa kamsika kena cha ku Nachisaka. Pamsewu panali mtengo wopingasa pa migolo iwiri, ndi anyamata a chipani a malaya ofiira. Zimenezi sizinandidetse nkhawa. Khadi langa la chipani linali m'thumba la pulasitiki, ndipo apongozi anamasula lawo pa mfundo ya chitenje. Onse tinali nawo. Mtengo uja anali atayamba kale kuuchotsa pamene mmodzi anakwera pamatumba n'kugogoda limba.

"Umu muli chiyani?"

"Ndi limba la tchalitchi, achimwene."

"Nanga umu?"

Anadula luzi la mpando ndi mpeni. Atatsegula anaitana mkulu wawo, mnyamata wamtali wa chipsera pachibwano, amene sindikukhulupirira kuti anali atakwanitsa zaka za mng'ono wanga wotsiriza.

Muyenera kukumbukira nthawi yake. Mkazi akavala diresi losafika pansi pa mawondo ankamangidwa. Magazini ochokera kunja ankafika zithunzi zina atazipaka inki yakuda. Ndiye apa panali ntchafu za akazi a ku Atene, mulu wonse, m'manja mwa anyamata a chipani, pamsika.

"Mwini katunduyu atsike."

Ndinatsika.

"Ntchito yanu?"

"Ndine mphunzitsi."

"Mphunzitsi! Ana athu mukuwaphunzitsa zimenezi?" Anakweza chithunzi cha mkazi wa nthenga uja kuti msika wonse uone. Anthu anasiya malonda n'kuyamba kusonkhana. Anyamata aja anagawana mapepalawo, akulozerana, akuseka, wina akuyerekeza kukweza mwendo. Kenaka wamtali uja anatembenuza pepala n'kuona zilembo. Nkhope yake inasintha.

"Ichi ndi Chirasha."

"Ayi, bwana, ndi Chigiriki. Chinenero chimene analembera Chipangano Chatsopano."

"Ndiye uyu ndi ndani m'Chipangano Chatsopano?" Analoza mkazi uja. Anthu anaseka kwambiri. "Werengani timve."

"Sindidziwa kuwerenga Chigiriki. Ndimawerenga manotsi okha, timadontho iti."

"Mwanyamula mapepala a Chirasha, a timadontho tachinsinsi, ndipo mukuti simudziwa zimene akunena."

A Njolomole, pofuna kundithandiza, anafuula ali pa lole: "Bwana, ameneyo ndi munthu waulemu! Wanyowa njira yonse kuthawa apongozi ake, awo ali apowo!"

Bwenzi atangokhala chete. Mnyamata wamtali uja anamwetulira, anatenga chithunzi cha atsikana atatu aja, nazungulira lole kukaima pansi pa pamene panakhala aNachisale. Anachikweza mpaka pafupi ndi mphuno yawo.

"Gogo, taonani zimene mkamwini wanu wasenza. Mwana wanu anakwatiwa ndi munthu wotere?"

Ndinafuna nthaka ing'ambike. Apongozi anayang'ana pepalalo nthawi yaitali ndithu.

"Maso angondichita opaleshoni, mwanangu," anatero. "Ndikungoona utsi."

Ine ndinkadziwa za singano ija. Ndinadziwa kuti aona zonse, mwendo uliwonse, ndipo asankha kundiveka. Zinandipweteka kuposa akanandilalatira.

Mwina zikanathera pa kuseka, koma wina anapeza chithunzi cha bambo wa pabulu. Anachipereka kwa mkulu wawo. Suti yakuda, chipewa chakuda, ndodo m'manja. M'dziko muno munali munthu mmodzi yekha amene aliyense ankamudziwa ndi kavalidwe kameneko, ndipo chithunzi chake chinali m'sitolo iliyonse. Amene anali kumbuyo anayamba kubwerera ku malonda awo mwakachetechete.

"Uyu ndi ndani?"

Ndikanati ndi nduna imene anthu ankaiseka m'zisudzo, ndikanadzikumbira ndekha dzenje. Ndinati, "Ndi mzungu wakalekale, bwana. Taonani ndevu zakezo. Pepalali ndi lakale kuposa ine ndi inu."

"Mwati ndi nyimbo. Imbani."

Anatsitsa limba n'kuliika pamsewu, miyendo yake ikumira m'matope. Ndinakhala pampando uja, pepala la bulu patsogolo panga. Ndinayembekeza kuti mwina ituluka nyimbo yodekha yoti ndinganamizire kuti ndi ya mapemphero. Inatuluka nyimbo yodumphadumpha, yamwano, yoti ngakhale wosamva mawu ake adziwe kuti ikuseka munthu. Chinyezi chinali chitalowa m'limba, ndiye noti ina inkalira ngati bulu weniweni nthawi iliyonse ndikaigunda. Mwana wina anayamba kuvina, mayi ake n'kumukoka msanga.

"Basi," anatero wamtali uja. "Dalaivala, pitani. Uyu atsala. Akafotokoza bwino kumipanda ya waya mwadutsa kuja."

Anandigwira lamba kumbuyo, mmene amagwirira mbava ya nkhuku. M'mutu mwanga munadutsa Esinati ndi khanda, ndi aphunzitsi ena awiri amene ndinkawadziwa, amene anatengedwa chotero ndipo mabanja awo anathamangitsidwa m'nyumba za sukulu.

Ndinamva a Njolomole akuti, "Gogo, mugwa! Dikirani!" Apongozi anali akutsika lole chafutambuyo, phazi likufufuza tayala. Atafika pansi anayenda molunjika, osapapasa, mpaka pamaso pa mnyamata uja. Ndipo anagwada. Pamenepo panali pamene malole amapondaponda, matope ofika m'akakolo, osakanikirana ndi ndowe za ng'ombe. Anagwada ndi mawondo onse awiri, chitenje chatsopano chija chikumira, nagwira nsapato yake ndi manja awiri.

"Bwana, ndikupempha ine. Munthu uyu ndi chitsiru cha nyimbo. Akamva kanthu kakulira, nzeru zimamuthawa. Mwana wanga anandiuza kalekale. Wapatsidwa zinyalala ndi mzungu, iye n'kutola, osayang'ana n'komwe. Koma za ndale sazidziwa. Kunyumba kuli khanda la mwezi umodzi. Mukamutenga, ine nkhalamba ndikalowa bwanji m'mudzi? Ndikati mkamwini ndamusiya kuti?"

"Gogo, dzukani."

"Sindidzuka. Mukamutenga munditengere limodzi, ndikamuphikire."

Amayi ogulitsa tomato anayamba kung'ung'udza. Wina ananena mokweza kuti, "Mayi wamkulu chotere kugwadira mwana!" Mnyamata uja anayesa kubweza phazi, koma apongozi sanalisiye. Anayang'ana anzake, anayang'ana amayi aja, ndipo ndinaona kuti nayenso manyazi amugwira.

"Chabwino. Awotche yekha zonyansa zakezi. Pompano."

Anaunjika mapepala onse pamsewu n'kundipatsa machesi. Anali atanyowa, ndiye moto unkangozima. Ndinagwada n'kumauzira, anthu akundiyang'ana, mpaka wina anabweretsa parafini wa m'koloboyi. Apo anayaka. Zikuto zinapindika, nthenga zija zinada, mizere ya manotsi inaoneka kanthawi pa phulusa isanaphwanyike. Mapepala amene anawoloka nyanja, nakhala m'mpando zaka zonsezo osadyedwa ndi chiswe, anatha m'manja mwanga nditakhala nawo masiku osakwana sabata. Mwa nyimbo zonsezo ndinamvako imodzi yokha.

Asanatilole kupita anandiimbitsa nyimbo ya chipani pa limba lomwelo, onse akuwomba m'manja. Ndinaiimba bwino kwambiri. Nthawi yonseyo apongozi anali chiimire pambali pa lole, matope akutsika m'miyendo, ndipo ine sindikanatha ngakhale kuwagwira dzanja kuti akwere. Anawakweza ndi a Njolomole.

Tinanyamuka. Ndinakhalanso kuseri kwa limba, mutu uli zyoli. Ndinkafuna kunena zikomo, koma mawu otani, ndipo ndiwanene ndikuyang'ana kuti? Patapita nthawi ndinamva mawu awo kuseri kuja, akulankhula ngati akuuza matumba a feteleza.

"Wina awauze abambo a Lute kuti avale jekete. Mphepo yayamba."

Lute ndi mwana wathu woyamba. Ndinavala jekete.

Lole inafera pachitunda china tisanafike pa Boma, ndipo a Mbewe anati chathyoka chitsulo chimene sichipezeka kufupi kuno. Tinagona pasukulu ina ya m'mbali mwa msewu, amayi m'kalasi ina, amuna m'kalasi ina. Kutacha ndinapeza ngolo ya ng'ombe yopita cha kwathu. Apongozi anakhala kutsogolo ndi mwini ngolo, limba pakati, ine ndikuyenda pansi kumbuyo, ndikuika mwala kutayala ng'ombe zikaima kupuma pachitunda.

Tinafika masana. Anthu a mpingo anatichingamira ndi nthungululu, a Gwaza patsogolo, ndipo limba analinyamula pamapewa kukalowa nalo m'tchalitchi. Wina anatsegula mpando uja, napeza mulibe kanthu, nautseka. Ankandigwira chanza, akunditamanda kuti ndine mwamuna, ndalimbana ndi msewu wa dzinja. Ine ndinkangovomera ndi mutu.

Kunyumba Esinati anathamangira mayi ake, nawayang'ana m'maso, iwo n'kumuuza kuti wawonda ndipo khandalo lafanana ndi agogo ake aamuna. Anaseka, analira pang'ono. Kenaka anaona chitenje. Matope anali atauma, zigamba ziwiri zazikulu zofiira pa mawondo, maluwa achikasu aja osaonekanso.

"Amayi! Chitenje chatsopano! Mwatani?"

Ine ndinali pakhonde, ndikumasula zingwe za nsapato.

"Ndinaterereka potsika lole," anatero apongozi. "Kunali matope."

Esinati anatembenukira kwa ine, manja m'chiuno.

"Mayi anga kugwa chotere, ongochoka kumene m'chipatala? Inu munali kuti?"

"Ndinali pa limba," ndinatero.